Ndinapita pa Chisi wapansi kukalonjerera ngongole

Sabata yathayi, ine ndili kalikiliki kupatula matemba pamkeka, mdzukulu wanga wa Sitandade 7 anandiponyera funso. "Agogo, kodi chilumba chingathe kukhala dziko pachokha, chokhala ndi pulezidenti wake ndi mbendera yake?" Ndisanatsegule pakamwa, mwanayo anali atatenga kale buku la mapu la atate ake, omwe ndi aphunzitsi, n'kundilozera timadontho tina pakati pa nyanja yamchere, kum'mawa kwa Africa. Ati timeneti ndi dziko, dzina lake Seychelles.

Atate akewo anathirirapo ndemanga. Zilumba zake zilipo 115, likulu lake ndi Victoria pa chilumba cha Mahé, ndipo anthu onse m'dzikomo angopitirira pang'ono 100,000. Ine ndinaseka mpaka kutsokomola. Pa kalembera wa 2018 mzinda wa Zomba wokhawu unapezeka ndi anthu 105,000. Ndiye kuti anthu a kwa Chikanda, Chinamwali, Sadzi, Matawale ndi Mpondabwino atasonkhana pamodzi, basi dziko lakwana, ndalama yakeyake, nyumba ya malamulo yakeyake, ndi mpando ku bungwe la SADC pambali pa Malawi. Zoona zimenezi?

Koma usiku umenewo tulo tinandithawa. Maganizo anga sanapite ku Seychelles, anapita ku chilumba chathu chomwe chino, Chisi, cha m'nyanja ya Chilwa, komwe kumachokera nsomba zimene zandilerera ana kwa zaka zoposa makumi atatu.

Inu anzanga a mumsika, a ku Limbe, ku Ndirande, ku Lunzu, pa Songani ndi mu Zomba muno, amene mumakhalira kuika matemba pamiyulu tsiku ndi tsiku, ndi angati mwa inu anapondapo phazi pa Chisi? Ambiri timangodziwa kuti katundu wachokera "ku Chilwa", tikanenerera mtengo nkhani yatha. Lero ndikufuna ndikutengeni tikafikeko.

Ine kwathu ndi m'chigwa cha Domasi, pakati pa phiri la Zomba ndi la Malosa. Mtsinje wa Domasi umene timachapamo ndi kuthirira madimba umatsika m'mapirimu, kudutsa msewu wa ku Liwonde, kulowera kum'mawa, mpaka kukathira m'nyanja ya Chilwa. Anzake ndi Likangala, Thondwe, Namadzi, Phalombe ndi Sombani, ndipo wina, Mnembo, amachokera ku Mozambique. Mitsinje yonseyi imalowa, koma palibe mtsinje ndi umodzi womwe wotuluka. Madzi a Chilwa amamwedwa ndi dzuwa basi. N'chifukwa chake ndi amatope, amchere pang'ono, ndipo mvula ikavuta zaka ziwiri kapena zitatu zotsatizana nyanja yonse imayamba kuthawa. Ndi nyanja yachiwiri kukula m'Malawi muno, yokhudza maboma a Zomba, Machinga ndi Phalombe, koma kunena zoona ili ngati mbale yotambalala, osati mtsuko.

Ukafika pa doko la Kachulu, makilomita ngati 30 kuchokera m'tauni ya Zomba, chilumbacho umachiona chili patsogolo pako, mapiri ake atatundumuka pamadzi ngati ng'ombe yogona. Mabwato ambiri amachita kukankha ndi nsungwi yaitali, poti malo ambiri nsungwiyo imagunda pansi. Koma musanyengeke ndi kusaya kwakeko. Mphepo ikadzuka masana, bwato lodzaza anthu, njinga, matumba a ufa ndi mbuzi limavina moti ngakhale amene sapemphera amayamba kukumbukira dzina la Mulungu.

Pa chilumbapo pali miyala, milambe ikuluikulu ndi timinda tating'ono tokanirira m'mphepete mwa mapiri. Mwana wanga mphunzitsi uja amati mapiriwo ndi chitsa cha phiri lamoto lakalekale, ndipo katswiri wa miyala wa nthawi ya atsamunda, Frank Dixey, analemba za miyala yake yachilendo m'zaka za m'ma 1930. David Livingstone naye anaiona nyanjayi mu Epulo 1859, asanafike n'komwe ku nyanja ya Malawi. Anthu ake ndi Anyanja, Ayao ndi Alomwe, ena amzikiti ena atchalitchi, okwatirana ndi kuikana maliro. Akuluakulu amasimba kuti makolo ena anathawira pamenepo nthawi ya nkhondo ndi ukapolo, madzi n'kukhala linga lawo. Kunja kwa chilumba, m'kati mwa njedza, muli mudzi wina wosalembedwa pa mapu, wa asodzi ogona m'zimbowera, tinyumba toyandama pamadzi, momwe munthu amaphika, kugona ndi kuyanika nsomba kwa miyezi osaponda dothi.

Tsono imvani zimene zinandionekera ine.

M'nyengo yozizira ya 1995 ndinapereka K400 kwa bambo wina wa pa Chisi amene ndinkaoda kwa iye nthawi zonse. Tinapangana kuti akonzetsere khoka lake, ine azindisungira madengu a matemba mpaka ndalamayo itakwana. Achinyamata a lero asaseke, K400 nthawi imeneyo inali mpamba wonse wa munthu. Choipa n'chakuti ndalamayo sinali yanga, ndinachita kukatenga kwa munthu wa katapila. Mvula inali itavuta kuyambira chilala chachikulu cha 1992, ndipo aliyense ankaona kuti madzi akubwerera m'mbuyo, koma tinkati nyanja ndi nyanja, singathe. Agogo ena amene anaona kuuma kwa 1968 ankatichenjeza, ife n'kumati akalamba.

Dengu loyamba linabwera. Lachiwiri linabwera losadzaza. Kenaka zii. Wakatapila uja anayamba kumandipeza m'mamawa ndisanasese ndi pakhomo pomwe. Chaka chikupita kumapeto, mtima unandiwawa, ndinamanga chitenje m'chiuno n'kukwera matola wa ku Kachulu kuti ndikaonane naye maso ndi maso bambo ameneyu.

Abale anga, zimene ndinaona pa Kachulu sindidzaiwala. Doko linalipo koma madzi kunalibe. Mabwato anali gonegone chammbali pamatope ouma, ong'ambika ngati chidendene cha munthu wosadzola. Anthu ankapita pa Chisi wapansi, ena pa njinga, kutsata kanjira kamene mapazi anapanga pamalo pomwe kale tinkalipira bwato. Nane ndinalowa m'kanjirako. Pansi pankatentha ngati chiwaya, malo ena matope ankagwira patapata mpaka kuduka, ndipo fungo la zinthu zofa linali ponseponse. Ndinayenda pansi pa nyanja ndi mapazi angawa, ine mwana wa ku Domasi wosadziwa ndi kusambira komwe.

Pa chilumba panali bata la pamaliro. Panalibe utsi wowamba milamba, pathandala panalibe temba ndi limodzi lomwe. Amuna ambiri anali atapita kukayesa mwayi ku Chiuta, ku Malombe ndi ku Mangochi, kusiya amayi, ana ndi nkhalamba. Bambo wanga uja ndinam'peza ali khale pakhonde, khoka lokonzedwa ndi ndalama yanga ija lili lende pamtengo. Akazi awo ankaphika phala la madeya, ana asanu atazungulira moto.

Sindinalabadire zimenezo. Ndinalankhula mawu amene lero ndimachita nawo manyazi. Iwo anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Mayi, ndalama yanu sindikuikana ayi. Koma taonani nokha munda wanga." Analoza fumbi lija ndinadutsamo. Ine ndinati ndikakuitanirani apolisi. Iwo anati, "Apolisi adzamanga ine kapena dzuwa? Tiyeni kwa amfumu, akatiweruze."

Tinakhala pansi pa mlambe, anyakwawa pampando, nduna zawo pambali, anthu a m'mudzi atatizungulira. Aliyense anapatsidwa mpata. Ine ndinapempha kuti ngati ndalama palibe, nditenge khokalo ndikagulitse. Anyakwawa anapukusa mutu. Anati ngongole ndi ngongole, siola, ndipo bamboyo adzabweza yonse. Koma khoka ndi khasu la msodzi, ukalanda khasu walanda ndi ngongole yako yomwe. Anagamula kuti madzi akadzabwerera, nsomba zoyamba zidzakhala zanga mpaka K400 itakwana, ndipo anaimiritsa mphwake wa bamboyo pamaso pa anthu onse kuti amalume ake akadzamwalira ngongoleyo idzakhala pamutu pake. Panalibe pepala, panalibe chidindo.

Ndikudzuka kuti ndizipita, gogo wina wamkazi amene anakhala chete nthawi yonseyi anandiitana. "Mwanawe, wati wachokera kuti?" Ndinati ku Domasi, agogo. Iwo anati, "Tsono wabwera kudzalonjerera ndalama zako. Nanga madzi athu mwawasiya kuti kumtundako?" Anthu anaseka. Ine sindinaseke, chifukwa ndinakumbukira matumba a makala amene ankatsika m'phiri la Malosa mbandakucha uliwonse, ndi dimba langa lomwe limene ndinalima mpaka kukhudza madzi a mtsinje.

Ndinabwerera chimanjamanja. Wakatapila anatenga mbuzi zanga ziwiri ndi wailesi. Chaka chonse cha 1996 ndinkagulitsa tomato ndi zitumbuwa, ndipo m'mitima ndinali nditaiwerengera K400 ija kuti yapita. Koma madzi saiwala khwawa. Mvula inagwa, nyanja inadzaza, ndipo tsiku lina mu 1997 mnyamata wina anaimika njinga patsogolo pa benchi langa pa Songani, dengu lalikulu lili kumbuyo. "Amalume akupereka moni. Ati ili ndi loyamba, atsala awiri." Anabweretsadi onse. Ndinalira pamsika anthu akuona.

Kuyambira tsiku limenelo ndikamva mawu oti boma ndimaganiza kawiri. Pa pepala, Chisi chili pansi pa khonsolo ya Zomba, ndipo mfumu yaikulu ya kumeneko ndi a Mkumbira. Pa chisankho cha 2019 panali ngakhale dera la phungu lotchedwa Zomba Chisi, lotenga dzina la chilumbachi ngakhale linkaphatikiza midzi yambiri ya kumtunda. Koma kumbukirani kuti kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lonse lino linakhala lopanda makhansala. Ife a m'tauni tinkangodandaula za zinyalala zosawoledwa mumsika. Nanga munthu wa pa chilumba, amene kuti akafike ku maofesi a boma ayenera kulipira bwato ndi galimoto, dandaulo lake ankalitula kwa yani? Amene amalamula tsiku ndi tsiku pa Chisi ndi anyakwawa, komiti ya pa doko, ndi mwini bwato. Mayi woyembekezera zikamuvuta usiku, chipatala chaching'ono cha pa chilumba chikanena kuti apite ku chipatala chachikulu ku Zomba, moyo wake uli m'manja mwa munthu wogwira nsungwi ndi mphepo ya usiku umenewo.

Tisanamizane, boma la kumtunda linachitapo zake. Nyanja itauma mu 1968, a zansomba anaweta ana a makumba m'maiwe pa Domasi pompano n'kukawathira m'nyanja madzi atabwerera. Itaumanso mu 1995, mafumu ndi a zansomba anagwirizana zoteteza nsomba zimene zinathawira m'maiwe a m'mitsinje, n'kuletsa kuthira katupe ndi kukokamo makoka, chifukwa timaiwe timeneto ndi timene tinali nkhokwe ya mbewu. Lamulo la zansomba la 1997 linatsegula njira yoti asodzi eni ake, kudzera m'makomiti a pa madoko, azitenga nawo mbali posamala nyanja. Kolera atavuta mu 2016, azaumoyo anafika ndi katemera mpaka m'zimbowera. Koma mukaonetsetsa, zonse zimene zinayenda bwino zinayenda chifukwa eni nyanja anazivomera pansi pa mtengo, ngati mlandu wanga uja.

Tsono tibwerere ku Seychelles kwa mdzukulu wanga. Anthu amenewa si achilendo kwenikweni kwa ife. M'zaka za m'ma 1860 ndi 1870, sitima zankhondo za Angerezi zikagwira zombo za ogulitsa akapolo, ena mwa anthu owomboledwawo ankakawatsitsa pa zilumba zimenezi, ndipo akapolo ambiri a nthawi imeneyo ankachokera kuno ku chigawo cha nyanja, kudzera ku Kilwa ndi Zanzibar. Mwina wina wogulitsa nsomba mumsika wa Victoria lero, agogo a agogo ake anamwapo madzi a Domasi. Ndale zawonso zinayenda ngati zathu. Analandira ufulu mu 1976, chaka chotsatira France-Albert René analanda boma, dziko n'kukhala la chipani chimodzi. Chisankho cha matipate anachita mu 1993, chaka chomwe ife tinavotera nyali pa 14 Juni. Otsutsa anadzatenga upulezidenti koyamba mu 2020, Wavel Ramkalawan atapambana. Chuma chawo ndi nsomba ndi alendo odzaona malo.

Kusiyana kwake n'kumene kumandiwawa. Ku Seychelles nsomba ikagwidwa, fakitale yoika m'zitini ili pa doko la Victoria pomwepo, ndipo amene amagamula za msonkho wake amagona pa chilumba chomwecho, mphepo ikawomba imawombanso denga lawo. Pa Chisi nsomba imagwidwa pamenepo, koma phindu lake limakawerengedwa ku Limbe, ndipo zogamula zimachokera kwa anthu amene nsapato zawo sizinalowepo m'bwato. Zaka zabwino Chilwa imatulutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a nsomba zonse za m'dziko muno. Ndi angati mwa ife, titadya nsima ya matemba otendera, amafunsa ngati mwana wa msodziyo ali ndi mphunzitsi m'kalasi?

Pali chinanso chofanana. A zilumba za m'nyanja yamchere amaopa kuti madzi akukwera chifukwa cha kusintha kwa nyengo, utsi wake wochokera m'mafakitale a mayiko akutali. A pa Chisi amaopa madzi kuthawa, monga anachitiranso mu 2012 ndi mu 2018, ndipo amaopanso akabwerera mwaukali ngati nthawi ya namondwe Freddy mu 2023. Onsewa tsoka lawo limaphikidwa kwina. Kusiyana n'kwakuti a Seychelles ali ndi mpando ku United Nations woti akalirirepo. A pa Chisi mayiko awo akutali ndife, a ku Domasi, a ku Malosa, a mu Zomba, amene timadula mitengo kumene mitsinje imayambira, dothi n'kumakakwirira nyanja. Ndipo mpando wokatidandaulira alibe, kupatula pakamwa pa gogo uja.

Sindikunena kuti Chisi chikhale ndi mbendera. Likoma, chilumba cha m'nyanja ya Malawi, chinapatsidwa boma lakelake ndi DC wake, anthu ake ndi a pa Chizumulu ali 14,500 okha pa kalembera wa 2018, ndipo palibe amene anati dziko lagawanika. Chimene a pa Chisi akusowa si nyimbo ya fuko ayi. Ndi bwato la injini lodalirika lonyamula odwala, madzi abwino akumwa, ndi munthu woti akalonjeza pa kampeni azidzaonekanso mavoti atawerengedwa.

Koma ndisathe mawu onse pa andale ngati ife amalonda ndife oyera. Nyengo ya dzinja nyanja ikatsekedwa kuti nsomba ziswane, amene amapita usiku pa doko ndi ndalama m'manja kukanyengerera msodzi ndani? Tinsomba tating'onoting'ono togwidwa ndi neti ya udzudzu, amene amatiika pamulu n'kumaitanira kasitomala ndani? Makala a ku Malosa amagulitsidwa mumsika mwa yani? Msodzi sangaphe chimene ife sitigula. Ine ndinasiya kuoda nsomba za nthawi yotseka, ndipo anzanga ena amandiseka kuti ndine wopusa, miyezi imeneyo iwo akupanga ndalama ine ndili pa tomato. Asekeni. Iwo sanayendepo pansi pa nyanja. Dimba langa lija ndinalibweza m'mbuyo, m'mphepete mwa mtsinje ndinabzalamo nsungwi ndi mibawa. N'zochepa, koma ndi gawo la ngongole imene gogo uja anandilonjerera, ndipo iyoyo sindinamalize kubweza.

Bambo uja anamwalira kalekale. Mphwake, yemwe uja wa njinga, ndi amene ndimaoda kwa iye mpaka lero, naye tsitsi layamba kuyera. Masiku ano timatumizirana ndalama pa foni, koma pakati pathu sipanakhalepo pepala.

M'mawa mwake mdzukulu wanga anandikumbutsa kuti funso lake sindinayankhe. Ndinamuuza kuti inde, chilumba chingathe kukhala dziko, buku la atate ako silikunama. Koma ndinamuuzanso kuti tchuthi chikubwerachi asapite kwa azakhali ake ku Blantyre. Ndidzam'tenga pa Kachulu, tidzakwere bwato, akaone yekha anthu amene amam'lipirira yunifolomu, madzi akadalipo.